Ndani ankalipira njanji ndi milatho ya atsamunda, nanga zinkachedweranji?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Iwo akuti akuluakulu a m'dera lawo amakonda kunena kuti m'nthawi ya atsamunda ntchito za boma zinkayenda mwachangu, ndalama zake zinkachokera ku Mangalande, ndipo chinthu chikayambika chinkatha pa nthawi yake. Akufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona, komanso ngati kuchedwa kwa misewu, milatho ndi madamu kunayamba dziko litalandira ufulu wodzilamulira.

Bambo, pa mfundo ziwiri zonsezi akuluakuluwo akukumbukira mbali imodzi yokha ya nkhani. Ntchito zikuluzikulu za m'nthawi ya atsamunda zinkachedwa kwambiri, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake silinali mphatso koma ngongole imene inasenzetsedwa anthu okhoma msonkho a kuno. Umboni woonekeratu ndi njanji imene imadutsa pa Limbe. Kampani yoti imange njanjiyi inakhazikitsidwa mu 1895, sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908, koma kuti katundu achoke ku Blantyre n'kukafika padoko la Beira osatsitsidwa panjira zinatheka mu 1935. Zaka 40 zinatha pa ntchito imene mainjiniya akanaimaliza m'zaka zochepa chabe akanapatsidwa ndalama zonse nthawi imodzi. Chimene chinkachedwetsa sichinali ulesi wa antchito kapena kuchepa kwa luso, koma lamulo la kayendetsedwe ka chuma limene boma la Britain linkatsata.

Lamulolo linali lakuti dziko lililonse lolamulidwa ndi Britain lizidzilipirira lokha. Nyumba ya Malamulo ya ku London sinkafuna kuti wokhoma msonkho wa ku Manchester kapena ku Glasgow azilipirira misewu ya ku Africa, ndipo akuluakulu a ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha Britain, ankalondera mfundo imeneyi mosagona. Pamene Harry Johnston ankakhazikitsa ulamuliro wa Britain kuno mu 1891, ndalama zoyendetsera boma zinali zochepa kwambiri moti kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka m'zaka zoyambirira. Kuno kunalibe migodi ya golide ngati ku Southern Rhodesia kapena ya kopa ngati imene inadzatsegulidwa ku Northern Rhodesia, choncho boma linkadalira msonkho wa nyumba, umene m'zaka za m'ma 1890 unali masheleni atatu, pamodzi ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Ndalamazi zikaperewera, London inkathirapo thandizo la chaka ndi chaka, koma thandizolo linkabwera ndi chingwe, chifukwa dziko lolandira thandizo linkayenera kutumiza bajeti yake yonse kuti a ku Treasury aivomereze mzere ndi mzere. Kubwereka pamsika wa ndalama wa ku London nakonso kunali kovuta. Lamulo la 1900 limene linkathandiza maiko a atsamunda kubwereka pa chiwongoladzanja chotsika silinkakhudza maiko otetezedwa monga Nyasaland, ndipo mwayiwu unatseguka mu 1929.

Sikuti Britain inalibe ndalama zomangira njanji mu Africa. M'zaka zomwezo boma la ku London linatulutsa m'thumba mwake mapaundi oposa 5 miliyoni kumangira njanji yochoka ku Mombasa kukafika ku Kisumu, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, mtunda woposa makilomita 900, ndipo ntchitoyo inayamba mu 1896 n'kufika kunyanjako mu 1901. Kumeneko Britain inkafuna kugwira gwero la mtsinje wa Nile pofuna kuteteza Egypt ndi ngalande ya Suez, choncho ndalama zinapezeka mosavuta. Dziko lathu linalibe phindu lotere pa ndale za maiko akuluakulu, ndipo pempho lakuti boma limange njanji yolambalala mathithi a Shire silinamveke.

Panthawiyo katundu wochokera kunja ankatsikira ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, kumene Apwitikizi anabwereketsa malo kwa Angerezi. Kuchokera kumeneko sitima zapamadzi zinkakwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera pamenepo anthu a mtengatenga ankasenza katunduyo pamutu kukwera zitunda mpaka ku Mandala. Boma litakana kumanga lokha, linapereka ntchitoyo kwa kampani ya Shire Highlands Railway, imene mwini wake wamkulu anali Eugene Sharrer, mmodzi wa azungu amene anali atatenga kale malo ambiri kuno. M'malo mwa ndalama boma linalonjeza kampaniyo malo okwana maekala 361,600. Apa m'pamene mtengo wa kuchedwa unayamba kuonekera. Pulani yoyamba inali yakuti njanji iyambire pa Chiromo, kumene sitima zapamadzi zinkafika bwinobwino, koma zaka zimene zinatha pokambirana za mgwirizano ndi pofunafuna ndalama zinali zomwezo zimene madzi a m'nyanja ya Malawi, imene Shire amachokeramo, ankaphwa chaka ndi chaka. Pofika nthawi yoyala zitsulo, sitima zinkavutika kufika pa Chiromo m'chilimwe, moti zipangizo zomangira njanjiyo zinkakanirira panjira, ndipo panafunika kuwonjezera njanji kutsikira ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchoka ku Nsanje kufika ku Blantyre unatha mu 1908, chaka chomwecho chimene kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe.

Madzi anapitirira kutsika, ndipo pasanapite nthawi doko la Nsanje nalonso linakhala losadalirika. Njira yokhayo inali kuthamangitsa mtsinje powonjezera njanji ina ya makilomita pafupifupi 100 mpaka ku Chindio, kugombe la kumpoto la Zambezi, m'dziko la Mozambique. Kuti ndalama zipezeke, boma linawombola malo aja analonjezedwa kwa kampani pa mtengo wa mapaundi 180,800, ndiye kuti linagula malo amene linali litapereka lokha, ndipo njanjiyo inatha nthawi imene nkhondo yoyamba ya padziko lonse inkayamba. Nkhondoyo inaimitsa zonse. Amuna ambirimbiri anatengedwa kukhala amtengatenga a asilikali kumalire a kumpoto, ndipo panalibe woganizanso za zomangamanga.

Chigawo chachitatu ndicho chinamanga dziko lino m'khosi kwa zaka zambiri. Nkhondo itatha, munthu wina wa bizinesi wa ku Belgium, Libert Oury, amene anali ndi zofuna zake padoko la Beira ndi m'madera a kampani yolamulira chigawo chimenecho cha Mozambique, anakhazikitsa kampani ya Trans-Zambezia Railway kuti imange njanji yochoka pa Dondo, pafupi ndi Beira, kukafika pa Murraça, kutsidya kwa Chindio. Njanji yonseyo inali m'dziko la eni, ndipo ngakhale mita imodzi sinali mu Nyasaland. Komabe kuti obwereketsa ndalama a ku London alimbe mtima, boma la Nyasaland linauzidwa kuti lilonjeze kulipira chiwongoladzanja cha ngongole ya kampaniyo chaka chilichonse chimene kampaniyo idzalephere. Njanjiyo inatsegulidwa mu 1922, ndipo kampaniyo inkalepheradi chaka ndi chaka chifukwa inkadutsa m'dera la anthu ochepa ndi katundu wochepa. Boma la ku Zomba silikanatha kulipira, choncho a ku Treasury ankalipira m'malo mwake n'kulemba ndalamazo ngati ngongole ya Nyasaland, kenako n'kulamula kuti gawo la ndalama za msonkho zoposa mlingo woikika lizipita kukabweza. Zinali ngati munthu wosauka amene waimira mnzake wolemera pa katapila, mnzakeyo n'kumadya phindu, iye n'kumalandidwa mbuzi. Zotsatira zake zinali zakuti ngakhale chaka chimene fodya wagulidwa bwino ndipo msonkho wachuluka, bwanamkubwa sakanatha kugwiritsa ntchito ndalama zonse zowonjezerazo pa misewu, zipatala kapena sukulu.

Ndipo ndi ngongole yonseyo njanji inali idakali yoduka pakati. Kuyambira 1922 mpaka 1935, mabelo a fodya ochokera ku Limbe ndi mabokosi a tiyi ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje ankafika pa Chindio, kumene antchito ankawatsitsa m'mabogi, kuwasenza kutsikira kumadzi ndi kuwalongedza m'mabwato akuluakulu okokedwa ndi sitima yapamadzi. Kutsidya ankawakwezanso pagombe n'kuwalongedza m'mabogi a kampani ina. M'chilimwe madzi ankachepa, mabwato ankatitimira mumchenga, ndipo malo okocheza ankasunthidwa kutsatira kumene kuli madzi akuya, zimene zinkafuna kuyala tinjanji tongoyembekezera pamchenga. M'dzinja mtsinje unkasefukira n'kumiza tinjanji tomweto, katundu n'kukhala milungu pagombe akunyowa. Aliyense, kuyambira mlimi wa fodya mpaka bwanamkubwa, ankadziwa kuti mankhwala ake ndi mlatho.

Kudziwa kunalipo, koma zaka za m'ma 1920 zinathera m'makomiti. Boma la Britain linali pa ndondomeko yodula ndalama zogwiritsa ntchito nkhondo itatha, ndipo nkhani ya mlatho inkangopita uku ndi uku pakati pa Colonial Office, nthambi ya boma la Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi atsamunda, ndi Treasury. Gulu la aphungu lotsogozedwa ndi William Ormsby-Gore linayendera maiko a kum'mawa kwa Africa mu 1924 n'kunena kuti vuto lalikulu la maikowa ndi mayendedwe. Mu 1926 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuikira kumbuyo ngongole ya mapaundi 10 miliyoni ya ntchito za mayendedwe m'maiko amenewa, koma ntchito iliyonse inkayenera kuunikidwanso payokha, ndipo akatswiri ankatumizidwa kudzayeza malo, kuwerengera katundu amene angadutse, ndi kukangana ngati mlathowo udzabweze ndalama zake. Panalinso mkangano wa malo oumanga, umene unkakhudzana ndi malasha a ku Tete amene Oury ndi anzake ankawayang'ana ndi diso lofiira, komanso panafunika chilolezo cha Apwitikizi popeza mtsinjewo ndi wa m'dziko lawo.

Chimene chinamasula ndalama pomaliza sichinali kudandaula kwa alimi a ku Limbe koma ulova wa ku Britain. Mu 1929 boma latsopano la chipani cha Labour linapatsa nduna J.H. Thomas udindo wopezera anthu ntchito, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Colonial Development Act, limene linkalola kugwiritsa ntchito mapaundi osaposa 1 miliyoni pachaka m'maiko onse a atsamunda pamodzi. Lamulolo linanena poyera kuti cholinga chake n'kutukula ulimi ndi mafakitale m'maikowo kuti potero malonda ndi mafakitale a ku Britain apindule. Mlatho wa Zambezi unakwanira bwino pa cholinga chimenechi chifukwa unkafuna zitsulo zambiri, ndipo ntchito yomanga inaperekedwa kwa kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, kumpoto chakum'mawa kwa England, dera limene ulova unali utafika poipa. Thumba la 1929 linathandiza pa chiwongoladzanja cha zaka zoyambirira, koma ngongole yeniyeniyo inalembedwa pa dzina la Nyasaland. Ndalama zitangopezeka, ntchito imene inakambidwa zaka zoposa khumi inatha m'zaka zosakwana zisanu, ndipo mlatho wa pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, unatsegulidwa mu Januwale 1935 uli umodzi wa milatho ya njanji yaitali kwambiri padziko lonse.

Koma unafika pa nthawi yoipa. Mavuto a zachuma amene anayamba mu 1929 anali atagwetsa mitengo ya fodya ndi thonje, moti katundu amene akatswiri ankayembekezera kuti azidzaza mabogi sanapezeke. Njanji yopita kunyanja, imene inamangidwa nthawi yomweyo pansi pa kampani yatsopano ya Nyasaland Railways yokhazikitsidwa mu 1930, inachoka ku Blantyre kudzera ku Balaka, inakhudza nyanja pa Chipoka, n'kukaima pa Salima mu 1935 osafika ku Domira Bay kumene inkalinga. Lilongwe, kumene ulimi wa fodya wa alimi ang'onoang'ono unali utakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920, inadikira njanji mpaka 1979, pamene boma la Malawi linaimanga ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo chigawo cha kumpoto sichinaionepo mpaka lero.

Tsopano pa funso lanu lakuti ankalipira ndani. Njira yoyamba inali mitengo yonyamulira katundu, imene inali yokwera kwambiri chifukwa makampani atatu osiyana ankayenera kubweza ngongole zawo pa katundu wochepa. Fodya, tiyi ndi thonje zinkatha kupirira mitengoyo, koma chimanga, mtedza ndi mpunga, zimene mlimi wamba akanalima zambiri, zikafika ku Beira phindu lake linali litathera panjira. Mchere, nsalu ndi makasu zolowa m'dziko nazonso zinkakwera mtengo pa chifukwa chomwecho. Njira yachiwiri inali msonkho, umene unkakhometsedwa mwankhanza ngakhale m'madera amene munalibe msika wogulitsira mbewu. Mwamuna wa ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, amene sanaonepo sitima ya pamtunda, ankayenda wapansi kupita ku Salisbury, kumene lero timati Harare, kapena ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, zimene gawo lake linkapita kukalipira njanji ya m'dziko la Apwitikizi. Komiti imene bwanamkubwa anaika mu 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ambiri a iwo atasanduka matchona. Mu 1938 Sir Robert Bell, amene anatumidwa kudzaunika chuma cha Nyasaland, anaonanso kuti ngongole za njanji zinali mtolo woposa mphamvu za dzikoli. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail, polemba mu 1975, anafika ponena kuti njanji ndiyo inasaukitsa Nyasaland. Ena amati anakokomeza, popeza dziko lopanda migodi ndi lakutali ndi nyanja yamchere likanavutikabe, koma pa mfundo yakuti ngongolezo zinadya ndalama za sukulu ndi zipatala kwa zaka pafupifupi 20, ine ndikuona kuti analondola.

Ntchito zing'onozing'ono monga mlatho wa pamsewu kapena nyumba ya chipatala nazonso zinali ndi ulendo wake wa mapepala. Injiniya wa nthambi ya zomangamanga, imene anthu ankaidziwa ndi dzina loti PWD, ankalemba pulani ndi mtengo wake ku Zomba. Bajeti inkadutsa m'khonsolo yopanga malamulo, imene inakhazikitsidwa mu 1907 koma inalibe Mwafirika ngakhale mmodzi mpaka 1949, kenako n'kutumizidwa pa sitima yapamadzi ku Colonial Office, kumene ankaipititsa ku Treasury. Funso limodzi lochokera ku London linkatanthauza miyezi ingapo ya kalata yopita ndi yobwera. Chilolezo chikabwera, zitsulo, mapaipi ndi simenti zinkaitanitsidwa kudzera kwa a Crown Agents, amene ankagula ku Britain, ndipo katunduyo ankadikira malo m'sitima, kudikiranso padoko la Beira, n'kufika kuno mwina mvula itayamba, misewu yafumbi itasanduka matope. Popeza ndalama zinkavomerezedwa chaka ndi chaka, zimene sizinagwiritsidwe ntchito chaka chisanathe zinkayenera kupemphedwanso. Poyerekeza, tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre, chimene David Clement Scott anamanga ndi amisiri a kuno pogwiritsa ntchito njerwa zowotchedwa pomwepo, chinayamba mu 1888 n'kutha mu 1891, chifukwa sichinkadikira siginecha ya munthu wa ku London.

Tisanamizire ndalama zokha, pakuti zina zinali zoposa mphamvu za munthu. Nyanja inatsika kwambiri mpaka cha m'ma 1915 moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo kwa zaka pafupifupi 20, mphepo yamkuntho inaphwasula doko la Chinde mu 1922, ndipo nkhondo ziwiri za padziko lonse zinaimitsa ntchito kwa zaka zingapo iliyonse. Komabe mavutowa ankapweteka kwambiri chifukwa ntchito inkamangidwa zidutswazidutswa, chidutswa chilichonse chikuyankha vuto la dzulo m'malo mwa la mawa.

Maganizo a London anasintha mu 1940, pambuyo pa zipolowe za ku West Indies ndi sitalaka ya pamigodi ya kopa ya 1935, ndiponso chifukwa Britain inkafuna kuti maiko ake aikhulupirire pa nkhondo. Lamulo la Colonial Development and Welfare Act la chaka chimenecho linalola mapaundi 5 miliyoni pachaka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndalamazo zikanatha kupitanso ku maphunziro. Nkhondo inachititsa kuti zochepa zokha zigwiritsidwe ntchito. Lamulo la 1945 linakweza ndalamazo kufika mapaundi 120 miliyoni pa zaka khumi, koma apa vuto linatembenuka: ndalama zinalipo papepala, pamene zitsulo, simenti, makina ndi mainjiniya zinali zosowa chifukwa Britain inali kumanganso mizinda yake yophwasuka ndipo inalibe madola ogulira katundu ku America. Mitengo inkakwera ntchito isanayambe, pulani n'kubwezedwa kuti ikawerengedwenso. Geoffrey Colby, bwanamkubwa kuyambira 1948 mpaka 1956, ndiye anakankha kwambiri ntchito za chitukuko, koma analandira dziko la njanji imodzi yofooka. Mu 1948 mlatho wa njanji wa pa Chiromo unagwetsedwa ndi zomera zoyandama zimene madzi anakokolola, ndipo pamene njala ya 1949 inagwa, imene inapweteka kwambiri boma la Blantyre makamaka madera a ku Lunzu, chimanga chothandizira anthu chinkayenera kuwolotsedwa pamadzi pa Chiromo chifukwa mlatho watsopano unali usanathe.

Zambiri zimene akuluakulu a ku Chilomoni akukumbukira ndi za m'zaka zimenezi: damu la Mudi, misewu ya tala ya pakati pa Blantyre ndi Limbe, matauni amene anaphatikizidwa mu 1956, ndi chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu, chotsegulidwa mu 1958. Akunena zoona kuti zambiri zinamangidwa molimba, chifukwa mainjiniya oyang'anira ankatsata miyezo mosanyengerera ndipo ntchito zinali zochepa, zosavuta kuziyang'anira. Koma zimenezi ndi za m'zaka 15 zomaliza za ulamuliro wa zaka 73, zinaunjikana m'dera laling'ono la Blantyre, Limbe, Zomba ndi minda ya tiyi kumene kunali azungu, ndipo chimene timachiona lero ndi chimene chinapulumuka. Milatho yamitengo imene inkakokoloka dzinja lililonse ndi misewu imene inkalambulidwa ndi anthu a m'midzi mokakamizidwa sizinasiye chizindikiro choti mwana wa lero aloze.

Ntchito yaikulu koposa imene atsamunda anaiganizira kuno ndi imene sinachitike n'komwe m'nthawi yawo. Colby anaitanitsa kampani ya mainjiniya ya Sir William Halcrow kuti iunike mtsinje wa Shire, ndipo lipoti lake la 1954 linapereka pulani yophatikiza zinthu zingapo: kutseka mtsinje kuti madzi a m'nyanja azilamulirika, kupanga magetsi pa mathithi a pakati pa Matope ndi Chikwawa, ndi kuumitsa madambo a kuchigwa kuti pakhale ulimi wothirira. Mtengo wake unali mapaundi pafupifupi 78 miliyoni, ndalama zimene boma la ku Zomba silikanazitolera ngakhale m'zaka khumi. Apo n'kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, ndipo mphamvu pa magetsi, njanji, misewu ikuluikulu ndi ngongole zakunja zinali zitasamukira ku Salisbury. Omwe ankalimbikitsa chitaganya ankauza anthu a kuno kuti chidzabweretsa ndalama za chitukuko, ndipo n'zoona kuti ndalama zina zinabwera, kuphatikizapo za zipatala. Koma pa ntchito yaikulu boma la chitaganya linasankha mu 1955 damu la Kariba pa Zambezi, lothandiza migodi ya kopa ndi mafakitale a ku Southern Rhodesia, limene linalandira ngongole ya madola 80 miliyoni kuchokera ku World Bank mu 1956 ndipo khoma lake linatha mu 1959. Kariba inameza mphamvu zobwereka za chitaganya chonse. Shire anangopatsidwa chiunda chadothi chotchinga mtsinje pa Liwonde mu 1956, chimene chinagumulidwa chaka chotsatira madzi atachuluka.

Pulani ya Halcrow inadzachitika pang'onopang'ono, mbali zake zosankhidwa zokha, chitaganya chikutha ndiponso dziko litalandira ufulu mu 1964. Madzi a Shire anayamba kupopedwa kuchokera pa Walker's Ferry kukwera mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kudzafika ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene damu la Mudi linali litachepera kale mzinda womakula. Chotchingira madzi cha pa Liwonde chinatha mu 1965, ndipo siteshoni yoyamba ya magetsi ya pa Nkula, yopanga mamegawati 24, inayamba kugwira ntchito mu 1966, patatha zaka 12 chitulukireni lipoti lija. Kufikira nthawi imeneyo Blantyre ndi Limbe zinkadalira magetsi opangidwa ndi malasha ndi dizilo, zimene zinkabwera pa njanji yomweyo ya ku Beira pa mitengo yake yokwera.